Kodi a Ned Flanders ndi neba wokondeka kapena wotopetsa?

FUNSO: A Mkonzi, kunyumba kwathu timaonera The Simpsons malaiti akakhalapo. Ine ndimawakonda a Ned Flanders, neba wa Homer uja wa magalasi ndi ndevu za pamlomo. Koma alamu anga akuti munthuyu ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo olemba anamuikamo dala kuti azinyoza anthu opemphera. Takangana kangapo osamvana. Akulondola ndani? Mayi wa ku Chilenje

YANKHO: Mayi, yambani mwawafunsa alamu anuwo kuti magawo amene anaonera ndi a chaka chiti, chifukwa mkangano wanu wagona pamenepo. The Simpsons, katuni yoseketsa ya banja la Homer Simpson, inayamba kuulutsidwa pa Fox ku America mu Disembala 1989, ndipo pa zaka zoposa 30 olemba ake akhala akusinthana. A Flanders a 1991 ndi a Flanders a 2006 amavala juzi yobiriwira imodzimodzi, mawu awo amawalankhula munthu yemweyo, Harry Shearer, koma mtima wawo si umodzi. Ife tili mbali yanu, ngakhale alamu anu nawonso ali ndi pogwira.

M'sewero loseketsa la pabanja, mtengambali wothandizira amaikidwa kuti chofooka cha mtengambali wamkulu chionekere bwino. Homer ndi waulesi, wansanje, wosachedwa kupsa mtima. Matt Groening, amene anayambitsa seweroli, ndi anzake anamuikira kuseri kwa mpanda munthu amene ali ndi zonse zimene iye alibe: nyumba yosamalika, mkazi wofatsa dzina lake Maude, ana awiri omvera, Rod ndi Todd, ndi mtima wosasunga mangawa. Choseketsa pachiyambi chinali chakuti Homer amadana ndi munthu amene sanamulakwire kalikonse. Amabwereka zipangizo zake osabweza, mwini wake n'kumamupatsabe moni wansangala m'mawa uliwonse. Amene anakhalapo pa yadi ya nyumba zambiri ku Matero kapena ku Chawama akuzidziwa zimenezi: wilibala inapita kwa aneba mwezi watha, ndipo amene akuchita manyazi ndi mwini wilibala. Apa woonera akuseka Homer, ndipo chifundo chake chili kwa Ned.

Ubwino wokha sukondetsa munthu wa m'sewero. Woonera amafuna aone kuti ubwinowo ukumudyera kanthu mwini wake. Pali magawo atatu amene akuonetsa zimenezi, ndipo ndi bwino kuwaonera motsatana.

Loyamba ndi “When Flanders Failed” la mu Okutobala 1991. Ned akusiya ntchito yake n'kutsegula sitolo yotchedwa Leftorium, yogulitsa zinthu za anthu ogwiritsa ntchito dzanja lamanzere. Homer akulakalaka mumtima kuti malondawo agwe, ndipo akugwadi. Banja la Flanders likugulitsa katundu wa m'nyumba pa mtengo wolira, Homer n'kumagula mokondwa, mpaka nyumba kulandidwa. Taonani chimene olemba anachita: anamupatsa Ned chinthu chake chimene akuchifuna ndi mtima wonse, chosakhudzana ndi Homer, kenako n'kumulanda. Munthu wofuna kanthu n'kukanika ndiye amene woonera amayamba kumuikira kumbuyo. Pomaliza chikumbumtima chikumugwira Homer, akuitana amanzere onse a m'tauni yawo ya Springfield kuti akagule, sitolo n'kupulumuka.

Lachiwiri ndi “Homer the Heretic” la 1992. Homer waleka kupita kutchalitchi, ndipo Lamlungu lina nyumba ikugwira moto iye ali m'tulo. Amene akulowa m'motomo kukamutulutsa ndi Ned, munthu yemweyo amene amanyozedwa tsiku ndi tsiku. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, anatero akale, ndipo wachiphamaso salowa m'nyumba yoyaka. Gawo limeneli lokha likuyankha theka la mlandu wa alamu anu.

Lachitatu, limene ife timaliona kuti ndilo lolemera kwambiri, ndi “Hurricane Neddy” la mu Disembala 1996. Mphepo yamkuntho ikugwetsa nyumba ya Ned yokha, zina zonse zili chilili. Inshuwalansi analibe chifukwa ankaiona ngati juga. Anthu a m'tauni akusonkhana kuti amumangire ina, koma akuimanga mwachisawawa moti ikugwa iye akuona. Pamenepo munthu wosakwiya uja akuphulika, akuuza aliyense zakukhosi mmodzimmodzi, kenako akuyendetsa yekha galimoto kupita kuchipatala cha matenda a maganizo. Kumeneko tikumva kuti makolo ake sankamulanga konse ali mwana, anali mwana wovuta, ndipo chithandizo chimene anapatsidwa chinamuphunzitsa kukwirira mkwiyo. Timawu topanda tanthauzo timene amakonda kulumikiza ku mawu ake ndi mkwiyo umene ukusowa potulukira. Mukaonera gawo limeneli, moni wake wansangala uja mumayamba kuumva mwina: ndi wa munthu amene akulimbana ndi mtima wake kuti akhale wabwino.

Tsopano mbali ya alamu anu. Khalidwe lokakamiza ena linalimo kale pang'ono. Mu 1995 muli gawo limene ana a Simpson akusungidwa kwa a Flanders, ndipo Ned atamva kuti sanabatizidwe akuthamanga nawo kumtsinje makolo awo asanavomere. Koma pamenepo zikuonekabe kuti wachita chifukwa chowadera nkhawa anawo. Zinthu zinasintha Maude atamwalira m'gawo la mu Febuluwale 2000. M'zaka zotsatira olemba anayamba kumugwiritsa ntchito kawirikawiri ngati choimira anthu achipembedzo ofuna kulamulira anzawo. Mu “The Monkey Suit” la 2006 ndiye akukankha kuti sukulu isiye kuphunzitsa zakuti zamoyo zinachita kusanduka, mpaka Lisa, mwana wa Homer, kumangidwa chifukwa chophunzitsa anzake mobisa. Apa udindo watembenuka. Kale Ned ndiye ankalakwiridwa, tsopano ndiye akupondereza mwana wa zaka 8. Ngati alamu anu anayambira pa magawo otere, n'zomveka kuti samukonda.

Chimachititsa n'chiyani? Gawo limodzi ndi la mphindi pafupifupi 22 kuchotsa zotsatsa malonda, ndipo kwa zaka zambiri pachaka pankatuluka magawo pafupifupi 22. Wothandizira nthawi zambiri amangopatsidwa mizere ingapo. Wolemba amene akufuna chiseko m'masekondi ochepa amatenga khalidwe limene woonera amalizindikira msanga, ndipo wolemba wobwera pambuyo pake amalikuza pang'ono kuti limveke latsopano. Zikatero zaka khumi, khalidwe limodzi limameza ena onse. Vutoli ndi lodziwika kwambiri moti okonda masewero a pa TV analitcha dzina lochokera kwa munthu yemweyu, Flanderization.

Palinso china chimene woonera wa kuno ayenera kuchisiyanitsa. Kuyambira mu Disembala 1991, pamene pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, nkhani ya chikhulupiriro pagulu si yachilendo kwa ife, ndipo ngakhale kale lonse kupempherera chakudya kapena kuvala bwino Lamlungu m'mawa n'zinthu wamba mu Lusaka. Zambiri zimene woonera wa ku America amaziona ngati kunyanyira, kwa ife ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake nthabwalazo zimatha kumveka ngati zikulasa ife tomwe. Koma yang'anitsitsani kuti m'magawo akale munthu wokhulupirika, wolipira ngongole zake, wothandiza pa tsoka, ndi wopemphera uja. Oneraninso magawo atatu aja pamodzi ndi alamu anu, kenako la 2006, ndipo muwafunse kuti amene sakumukonda ndi Ned uti.

FUNSO: Nanga bwanji a Burns, mwini kampani ya magetsi uja, ndi munthu woipa mtima koma akangotulukira ndimasangalala? Kodi ndiye kuti ndimakonda zoipa? Bambo wa ku Kabwata

YANKHO: Ayi bambo, musadandaule. Pali munthu amene mungafune kuti akhale neba wanu, palinso munthu amene mumafuna kumuona pa TV, ndipo kawirikawiri sakhala mmodzi. A Burns olemba anawapatsa mphamvu zonse za ndalama koma thupi lofooka kwambiri, ndiponso maganizo otsalira m'zaka zakale, moti nkhanza zawo zimabwera ndi kulephera kwake. Woonera amakhala pamalo otetezeka, amaseka popanda mantha. Pambali pawo pali Smithers amene amawatumikira ndi mtima wonse, ndipo munthu woipa akakhala ndi wina womukonda, woonera amayamba kufufuza chimene winayo akuonamo. Dziwaninso kuti mawu a a Burns, a Smithers, a m'busa Lovejoy ndi a Ned Flanders onse ndi a Harry Shearer yemweyo.

FUNSO: Ndikupanga katuni yanga ya mphindi 5 gawo lililonse yoti ndiziika pa YouTube. Ndi ya banja lochita lendi ku komboni, ndipo wothandizira ndi landilodi wawo. Anzanga akuti landilodiyu akangofika amafuna kudumphitsa vidiyo. Ndimufewetse bwanji kuti azikondedwa? Mnyamata wa ku Kalingalinga

YANKHO: Musamufewetse. Landilodi wachifundo amapha nkhani yanu, chifukwa banjalo silikhalanso ndi womuopa pakutha pa mwezi. Vuto lake n'kutheka ndi lakuti amabwera ndi chinthu chimodzi chokha, kudzafunsa lendi, ndiye woonera amadziwiratu zonse asanatsegule pakamwa.

Tengani pepala mulembe chiganizo chimodzi chonena chimene munthuyu akufuna chosakhala ndalama ya lendi. Mwina akufuna kumaliza chipinda chimene chaima pa lintelo zaka zambiri, mwina akufuna kusankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, mwina mwana wake ali ku koleji ndipo fizi ikuchokera pa zitseko zomwezo zimene amagogoda. Mukatero, kuuma mtima kwake kwapeza gwero. Pansi pake lembani munthu mmodzi amene iye amamuopa, kaya mkazi wake kaya mayi ake okalamba, ndipo pa magawo atatu alionse pakhale kamodzi pamene tikumuona akuchepa pamaso pa munthuyo. Pakhalenso kamodzi, osati kawirikawiri, pamene akuchita chabwino chomudyera kanthu, monga kunyamula mwana wodwala wa alendi ake usiku kupita naye kukiliniki, m'mawa mwake n'kubweranso kudzafunsa ndalama yake ngati palibe chinachitika. Mukamuchititsa zabwino gawo lililonse, woonera amazindikira kuti mukumupempha kuti amukonde, ndipo amakana.

Mawu ake odziwika nawo, ngati alipo, anenedwe kamodzi pa gawo. Akanenedwa katatu pa mphindi 5, pofika gawo lachisanu atha mchere, ndipo mwayamba kale njira imene inawononga a Flanders.

Chenjerani ndi kuseketsa anthu ndi kalankhulidwe ka mtundu wina. The Simpsons inapsa nazo pa Apu, mwini sitolo wochokera ku India: madandaulo atakula, makamaka pambuyo pa filimu ya Hari Kondabolu ya 2017, Hank Azaria ananena mu 2020 kuti waleka kulankhula mawu ake. Kuno tili ndi chimbuya pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa, koma chimbuya chimakoma chifukwa wonyozedwayo ali ndi ufulu wobwezera pomwepo. Ngati landilodi wanu ndi wa mtundu wina, mupatseni mizere imene iye ndiye akupambana, ndipo mawu ake alankhule munthu amene chilankhulocho ndi chake. Oneraninso Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, imene inatuluka pa Netflix mu Julayi 2023 ndipo nkhani yake ikuchitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Si sewero la pabanja ngati lanu, koma muone mmene Mama K, wamkulu wotsogolera atsikana anayi aja, alili ndi mbiri yakeyake m'malo mongokhala wopereka malamulo.

Zonsezi muzikonze musanajambule. Vidiyo imayenda zithunzi 24 pa sekondi, ndipo ngakhale mutagwiritsa ntchito chithunzi chimodzi kawiri monga amachitira ambiri, ndi zithunzi 12 pa sekondi. Pa mphindi 5 ndi masekondi 300, kutanthauza zithunzi zofika 3,600 ngati chilichonse chikuyenda. Kusintha khalidwe la munthu ntchito imeneyi itatha n'kutaya milungu. Choncho yambani ndi kuwerenga mokweza: anthu akhale pansi, aliyense atenge mbali yake, mujambule mawu pa foni. Pamene landilodi akulankhula anthu n'kukhala chete kapena kuyang'ana mafoni awo, ikani chizindikiro pa mzerewo. Kenako pangani animatic, ndiye kuti zithunzi zosamaliza zoikidwa pamodzi ndi mawu kuti muone kutalika kwa chochitika chilichonse. Nthawi zambiri mudzapeza kuti landilodi akukhalitsa pakhomo. Dulani mzere wake womaliza, achoke anthu akufunabe kumumva.

Pa nkhope yake, yang'anani nsidze. Zikakhala zotsikira pakati nthawi zonse, munthuyo ali ndi nkhope imodzi yokha ya mkwiyo. Jambulani nkhope zake zisanu pa pepala limodzi: wokwiya, wamanyazi, wamantha, wonyada, ndi mmene amaonekera akakhala yekha popanda womuona. Yachisanuyo ndiyo ambiri amaiiwala, ndipo masekondi atatu a landilodi atakhala yekha pakhonde akuwerenganso ndalama zosakwana amagwira ntchito kuposa tsamba lathunthu la zolankhula.

Animatic ikatha, onetsani anthu asanu amene si anzanu apamtima, osawafotokozera kanthu. Musawafunse ngati amukonda landilodi, chifukwa adzakuyankhani mwaulemu. Afunseni kuti akuganiza kuti munthuyu akachoka pakhomopo akupita kuti ndipo akukachita chiyani. Atatu mwa asanuwo akakhala ndi yankho, yambani kujambula. Akasowa chonena, bwererani ku pepala loyamba lija.