Mphaka amene wakhala ndi njala nthawi yaitali sadyetsedwa mokhutitsa

Mayi wina wandilembera kuti mphaka wawo anatsekeredwa m'chipinda chosungiramo katundu kwa milungu itatu, ndipo pamene amapezeka anali atatsala mafupa okhaokha. Pomumvera chisoni anamupatsa nsima, mkaka ndi nsomba mpaka kukhuta, koma pa tsiku lachitatu mphakayo anayamba kudzandira, khosi litapindikira pansi. Akufunsa kuti chakudya chingadwalitse bwanji nyama imene inatsala pang'ono kufa ndi njala.

Mayi, pitani naye kwa dokotala wa ziweto lero lomwe, chifukwa zimene mwafotokozazo zikufanana ndi matenda otchedwa refeeding syndrome, amene amaonekera kawirikawiri m'masiku asanu oyambirira nyama ikayambanso kudya.

Thupi likakhala nthawi yaitali osadya limayamba kudya mafuta ndi minofu yake, ndipo michere monga phosphate, potaziyamu ndi magineziyamu imatha pang'onopang'ono. Likalandira mwadzidzidzi chakudya chambiri cha sitachi, monga nsima ija, limatulutsa insulini wochuluka, amene amakankhira shuga m'maselo pamodzi ndi michere yochepa imene inatsala m'magazi. Phosphate akachepa kwambiri maselo ofiira a magazi amasweka, n'chifukwa chake usinini umatuwa ndipo mkodzo umada. Kupindika kwa khosiko kumabwera potaziyamu kapena vitamini B1 akaperewera. Dokotala adzayeza magazi, adzabwezeretsa micherewo kudzera m'dripi kapena pakamwa, ndiponso adzamubaya vitaminiyo. Zimenezi sizotheka kunyumba.

Chimene chimavuta eni ake ambiri ndi muyezo wa chakudya, pakuti umaoneka ngati nkhanza. Mphaka wolemera makilogalamu 2 amafunika makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 120 patsiku akangogona osachita kanthu, koma wotereyu amayambira pa gawo limodzi mwa magawo anayi, makalori 30 okha, ogawidwa kanayi kapena kasanu ndi kamodzi. Muyezowo umakwezedwa pang'onopang'ono kwa mlungu wathunthu kapena kuposerapo, malinga ndi zimene magazi akuonetsa. Chakudyacho chikhale cha nyama ndi mafuta, monga cha amphaka cha m'chitini. Mkaka ausiye kaye, popeza amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba, ndipo nsomba ikhale yophika, chifukwa mitundu ina ikakhala yaiwisi imawononga vitamini B1.

Mphakayo adzalira pafupi ndi mbale, adzakutsatirani mpaka kukhitchini, ndipo ana pakhomopo adzafuna kumuponyera nkute mobisa. Auzeni onse asanatero.