Mwana wa m'chikuta amaona, koma pafupi

Achemwali, mwafunsa ngati zili bwinobwino kuti mwana wa masiku 10 azikuyang'anitsitsani poyamwa, pomwe apongozi akuti wa m'chikuta saona kanthu. Mtima m'malo. Amaona ndithu, kungoti amaona pafupi, pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, womwe ndi mtunda wochokera pabere kufika pankhope panu. Zakutali zimangooneka mbuu. Mawu anu anayamba kuwamva ali m'mimba, n'chifukwa chake mukamuyankhula amaleka kupalasa timiyendo n'kukhala zii, maso ali pa inu.

Apongozi musawatsutse mwamakani, nawonso ali ndi pogwira. Khanda limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, ndiye mpata woti likhale tcheru ndi wa timphindi chabe, kawirikawiri likangokhuta. Mpata umenewo musauphonye. Muyandikizeni nkhope, mumutchule dzina, musunthe mutu pang'onopang'ono, muona timaso tikuyesa kukutsatirani. Zidole zogula ku Limbe pakadali pano n'zongotha ndalama, iye akufuna nkhope ya munthu.

Akatembenukira kumbali, kuyasamula kapena kuyamba kudandaula, watopa, musiyeni apume. Apa ndi pomwe alendo odzaona mwana amalakwitsa, kumangopatsirana khanda, wina akuliombera m'manja, wailesi ili pamwamba. Kudzidzimuka n'kutambasula manja chitseko chikamenyeka si matenda, ndi chibadwa. Maso akamasemphana mwa apo ndi apo m'miyezi yoyambirira musadabwe, koma zikapitirira miyezi inayi mukawauze kusikelo. Kumwetulira kokuyankhani kumabwera cha pa masabata 6 mpaka 8, nthawi yomweyo ya katemera wa masabata 6.

Ine yemwe amandidetsa nkhawa ndi mwana amene anthu amamuyamikira kuti "ndi wofatsa, savuta". Wa msinkhu uwu ayenera kuyamwa ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku. Ngati akuvuta kudzutsa, wafooka mwakuti akusuntha pokhapokha mwamugwedeza, akukana bere, thupi latentha kapena lazizira, akupuma mothamanga, akukomoka, kapena chikasu chafika m'manja ndi kumapazi, musadikire kuti kuche kapena tsiku la sikelo. Muberekeni mupite kuchipatala chapafupi, kaya ndi Ndirande, Zingwangwa kapena Bangwe, ndipo usiku pezani galimoto mulunjike ku Queens, buku lake la kuchipatala lili m'manja.