Kodi makina a maginito apsereza ubongo wa amuna anga?

Funso: Adokotala, amuna anga akhala akudwala matenda ovutika maganizo kwa zaka zitatu. Anamwa mankhwala mitundu iwiri koma sizinasinthe. Atawerenga pa intaneti za chithandizo cha maginito chomwe akuti chimachiza m'masiku asanu, anasiya mapiritsi. Apongozi anga akuti makinawo ndi omwe aja amawomba munthu ndi magetsi mpaka kuiwala ana ake. Nditani? Ndine mayi wodandaula.

Yankho: Mayi, kalata yanu ikunena za makina, koma ndikuona kuti chakuvutani mumtima n'choti kodi bambowa adzabwereranso mmene analili kale. Matendawa amachizika, ngakhale kwa munthu amene mankhwala awiri anamukana.

Apongozi anu asokoneza zinthu ziwiri. Chimene akunenacho ndi ECT, njira yochizira podutsitsa magetsi mu ubongo. Pamenepo wodwala amagonetsedwa ndi mankhwala, ndipo ena amaiwaladi zinthu kwa kanthawi (ngakhale nayonso yapulumutsa miyoyo yambiri, tisamainyoze). Njira ya maginito imene amuna anu anawerengayo imatchedwa TMS, ndipo ndi ina. Munthu amakhala pampando ali maso, kachipangizo kooneka ngati nambala 8 amakagunditsa pamutu chakumanzere, pamwamba pa chipumi. Kamalira kuti tha-tha-tha, mwakuti amamutseka m'makutu, ndipo amamva ngati wina akumugogoda ndi chala. Mphamvu ya maginitoyo imadzutsa mbali ya ubongo imene yafooka ndi matendawa. Palibe chopsa, palibe choiwala. Akamaliza amadzuka yekha n'kumapita.

Bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linavomereza TMS mu 2008, yomwe munthu amalandira kamodzi patsiku kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Ya masiku asanuyo anaiyambitsa pa yunivesite ya Stanford ndipo inavomerezedwa mu 2022: kakhumi patsiku, mphindi khumi ulendo uliwonse. Zotsatira zake zinasangalatsa madokotala, koma kafukufukuyo anali wa anthu 29 okha, ndipo ena amene amapeza bwino matenda amawabwereranso. Ambiri amangodandaula mutu ndi kuwawa kwa khungu pomwe pagundidwapo. Choopsa kwenikweni ndi kugwa ngati wakhunyu, koma sizichitika kawirikawiri.

Tsono pano ndikudzudzuleni pang'ono nonse awiri. Ndani anawauza bambowa kuti asiye mapiritsi? Ambiri olandira TMS amapitiriza kumwa mankhwala awo. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, kusowa tulo, ndipo matenda amabweranso mwaukali.

Pitani nawo kwa dokotala wa matenda a maganizo sabata ino, mutatenga mapaketi onse a mankhwala amene anamwapo. Mukanene ngati anagwapo khunyu, ngati amamwa mowa, ngati ali ndi chitsulo chilichonse m'mutu kapena chipangizo chothandiza kumva chimene anachiika mkati mwa khutu, komanso ngati nthawi zina amasangalala mopitirira muyezo osagona masiku angapo, chifukwa zimenezo zimasintha chithandizo chonse.

Ndipo usiku uno, mutakhala awiriwiri, afunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo. Akavomera, musadikire kuche, pitani nawo kuchipatala.