Ukalipentala pambali pa ntchito ya ku yunivesite: yambani ndi zida zamanja

Achemwali, mwafunsa ngati munthu wophunzitsa ku yunivesite, wokhala ndi makalasi, mapepala ochonga komanso kafukufuku amene akumudikira, angayambe ukalipentala ngati chongosangalala nacho popanda kusokoneza ntchito, ndiponso kuti agule chiyani poyamba. Inenso ndili pa ntchito yomweyi ndipo matabwa ndimawagwira, choncho ndikuyankhani mosapita m'mbali: yambani. Kungoti pali msampha umodzi umene umakola ife anthu a mabuku kuposa wina aliyense.

Tinaphunzitsidwa kuti tisanalembe kanthu tiziyamba tawerenga zonse zimene ena analemba pa nkhaniyo. Khalidwe limeneli ndi labwino pa kafukufuku, koma pa matabwa limachedwetsa. Mutha kutha miyezi mukuonera mavidiyo pa YouTube, mpaka kudziwa dzina la jointi iliyonse yolumikizira matabwa, koma tsiku logwira macheka mudzachekabe mokhota. Luso limeneli limakhala m'dzanja, m'maso ndi m'khutu. Puleni, chida chopalira matabwa, ikakhala yonoledwa bwino imalira mosiyana ndi yobuntha, ndipo kusiyanako simungakudziwe musanakankhe nokha. Ndiye werengani pang'ono, chekani kwambiri, ndipo mubwerere ku mabuku pokhapokha thabwa likakupatsani funso.

Chimene chimandikhazika mtima pansi ndikakhala pa benchi n'chakuti thabwa limayankha pompopompo. Pepala la kafukufuku mukalitumiza ku jenala, magazini ya akatswiri, mumadikira miyezi, yankho n'kubwera la owunika awiri osagwirizana. Ophunzira amene mukuwaphunzitsa lero, zipatso zake mwina mudzaziona patapita zaka, mwinanso ayi. Koma mukagoneka sikweya, chida choyezera makona, pakona ya bokosi n'kuiloza kowala, mpata ukuoneka kapena sukuoneka, nkhani yathera pomwepo. Anthu a maphunziro anaziona kale zimenezi. Ku Finland, Uno Cygnaeus anaika ntchito zamanja m'sukulu za ana mu 1866, ndipo ku Sweden Otto Salomon anaphunzitsa aphunzitsi ochokera m'mayiko ambiri luso la matabwa pa sukulu ya Nääs. Iwo sankafuna kuti mwana aliyense adzakhale kalipentala. Ankafuna kuti azolowere kudekha, kuyeza molondola ndi kumaliza chimene wayamba.

Pa za zida, musathamangire makina. Makina amafuna malo, amasokosera, amadzaza nyumba ndi fumbi, ndipo kuwatchera kokha kumadya nthawi yonse imene munali nayo. Ndi zida zamanja, mphindi 30 zamadzulo zimakwana kupala mwendo umodzi wa mpando n'kusesa. Zoyambira ndi zochepa: macheka, matchizulo atatu a 6 mm, 12 mm ndi 25 mm, puleni ya nambala 4 kapena 5, sikweya yolondola, tepi, kampeni kolembera mizere, nyundo yathabwa, makilampu angapo opanira matabwa ndi miyala yonolera. Zida zakale zogula kwa wina nthawi zambiri zimagwira bwino ntchito mukazichotsa dzimbiri. Mapuleni achitsulo a mtundu wa Bailey, amene kampani ya Stanley inayamba kupanga cha m'ma 1870, kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. Chofunikanso ndi benchi losagwedera komanso njira yopanira thabwa kuti lisasunthe. Pa tebulo logwedera ngakhale mmisiri wodziwa amacheka mokhota.

Musanapange chilichonse, phunzirani kunola. Apa ndi pamene ambiri amagwera ulesi osadziwa chimene chawagwetsa. Amagula tchizulo, n'kuganiza kuti chachokera kusitolo chakuthwa kale, chikamang'amba thabwa iwo n'kumati alibe luso. Vuto si iwo, ndi chitsulo. Yambani ndi kumbuyo kwa tchizulo, mukutikite pamwala mpaka kukhale kosalala mofanana kufupi ndi kunsonga. Kenako nolani mbali yopendekeka pa madigiri 25, n'kumalizira kamzere kakang'ono kunsonga kwenikweni pa madigiri 30. Mudziwa kuti mwafika mukamva ndi chala kachitsulo kopyapyala katapindikira kumbuyo. Kachotseni pa mwala wosalala kwambiri. Yesani kusenga kumutu kwa thabwa la paini: chakuthwa chimasiya posalala, chobuntha chimaphwanya mitsempha. Chida chobuntha n'choopsanso, chifukwa mumachikankha ndi mphamvu ndipo chikaterereka chimapita patali. Manja onse awiri azikhala kumbuyo kwa nsonga nthawi zonse.

China chimene chimadabwitsa oyamba kumene n'chakuti thabwa silisiya kusuntha ngakhale litauma. Limamwa chinyezi cha mumpweya n'kufufuma, kukauma limanyala. Limatero m'mimba mwake, pomwe m'litali silisintha kwenikweni. N'chifukwa chake pamwamba pa tebulo lalikulu samamatirira ndi guluu ku felemu mbali zonse. Amasiya mabowo a masikuluwu otalikirapo kuti thabwalo lizitha kuyenda, apo ayi limang'aluka. Matabwa a mipando ya m'nyumba amafunika atauma mpaka chinyezi chake chitatsika pakati pa 8 ndi 12 peresenti, malinga ndi nyengo ya kumene muli, ndipo amisiri amawerengera kuti thabwa laliwisi lokhuthala 25 mm limafuna pafupifupi chaka kuti liume lokha pamthunzi. Mukagula matabwa, asanjeni ndi timitengo pakati pake m'chipinda chimene muzigwiriramo ntchito, akhale milungu ingapo musanawacheke. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dziwaninso kuti guluu amagwira mwamphamvu m'mbali mwa thabwa koma kumutu kwake sagwira bwino, ndiye chifukwa chake pali majointi ngati motisi ndi tenoni: motisi ndi bowo loboola pa thabwa lina, tenoni ndi kalilime kosemedwa kumutu kwa thabwa linzake kolowa m'bowomo. Tenoni imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kukhuthala kwa thabwalo.

Za thanzi musazipeputse. Bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1995, makamaka khansa ya m'mphuno. Puleni imatulutsa zopala zomwe zimagwa pansi, koma sandipepa ndi makina zimatulutsa fumbi losalala lotsalira mumpweya, choncho valani chotchinga kumphuno chabwino ndipo mutsegule mazenera. Nsanza zimene mwapakira matabwa mafuta a linseed musaziunjike pamodzi, zimatha kutentha mpaka kuyaka zokha. Ziyanikeni panja chotambasula kapena ziviikeni m'madzi. Ndipo ngati mudzagula macheka amagetsi m'tsogolo, musadzawayatse usiku umene mwachonga mayeso mpaka maso kulemera. Zala zomwezo ndi zimene mumalembera.

Za nthawi, vomerani kuti chaka cha ku yunivesite chili ndi nyengo zake. Pa nthawi ya mayeso benchi lizikhala lokha, ndipo palibe chimene chiwonongeke. Musanasiye, lembani ndi pensulo pa matabwa omwewo kuti ili ndi la kumanzere, ili lapalidwa kale, chotsatira ndi kuboola apa. Mukabwerera patapita milungu mudzapitirira pomwe munasiyira. Sankhaninso ntchito zazing'ono zotheka kutha m'semesita imodzi.

Chimene ndingakuchenjezeni ndi mtima wonse ndi ichi: musalandire maoda. Anzanu a ku dipatimenti akaona kampando kanu koyamba adzati muwapangire shelefu ya mabuku, ena adzafuna kulipira. Mukavomera, tsiku lomalizira ntchito lalowanso m'chinthu chokhacho chimene chinalibe tsiku, ndipo mudzayamba kuchiyeza monga momwe amakuyezerani kuntchito, kuti mwatulutsa zingati chaka chino. Kupatsa munthu mphatso imene mwamaliza mwakufuna kwanu n'kosiyana ndi kulonjeza.

Ntchito yoyamba ikhale bokosi losungiramo zida zanu zomwezo, la matabwa a paini, chifukwa ndi ofewa ndipo savuta kucheka. Mbali zinayi, pansi pake ndi chogwirira. Muphunzirapo kupala thabwa kuti likhale lathyathyathya, kucheka potsata mzere wa mpeni ndi kuona ngati makona ali sikweya poyeza kuchokera pakona ina kufika pa yoyang'anana nayo, kenako makona awiri otsalawo chimodzimodzi, miyeso iwiriyo ifanane guluu asanagwire. Likatha limenelo, pangani kampando ka miyendo inayi, ndipo pamenepo ndi pomwe mudzayesere motisi ndi tenoni yanu yoyamba.