Mafunso Anu: Kodi ku Zanzibar nkwa azungu okha?

FUNSO: A Mkonzi, ine ndi mayi wa geni, ndimakaoda zovala ndi nsapato ku Kariakoo ku Dar es Salaam. Ndikadutsa ku doko ndimaona anthu akukwera maboti a ku Zanzibar ndiye mtima umalakalaka kuti tsiku lina nditengeko bambo akunyumba tikaoneko, koma anzanga apageni akuti kumeneko nkwa azungu ine ndikangodya mpamba. Zoona zimenezi? Komanso ndimamva kuti anthu akumeneko amangodalira alendo basi, ndiye amakhala bwanji?
Mayi wa ku Mzuzu

YANKHO: Mayi, pitani ndithu. Inuyo mtunda wovutawo mumauyenda kale, Karonga, Songwe, Mbeya mpaka Dar, chatsala ndi maola awiri okha pa boti lothamanga. Zanzibar ndi zilumba zingapo, zikuluzikulu ndi Unguja ndi Pemba, ndipo kumene alendo ambiri amapita ndi ku Unguja. Ndi mbali ya Tanzania kuchokera mu 1964 koma ali ndi pulezidenti ndi boma lawolawo, nchifukwa chake pasipoti musaisiye ku loji ku Dar, amaiona potsika boti. Viza ife Amalawi sitifunika. Chimene muike pa bajeti ndi inshuwalansi ya alendo yomwe boma lawo linayambitsa pa 1 Okutobala 2024, yomwe poyamba inali madola 44 munthu mmodzi, ndipo tikiti ya boti mlendo amalipira yokwererapo kuposa nzika. Tikitiyo kaguleni pa windo la kampani mkati mwa ofesi, osati kwa anyamata okuthamangirani panja. Ndipo chonde musakopeke ndi maboti otchipa odzaza mopyola muyezo, mu 2011 sitima ya Spice Islander inamira pakati pa Unguja ndi Pemba nkupha anthu ambirimbiri.

Anzanuwo sakunama kotheratu ayi. Kuli mahotela ku Nungwi ndi ku Kendwa omwe usiku umodzi ungathe mpamba wanu wonse, koma kulinso ma gesiti hausi a eni dera mu Stone Town, tauni yakale ya pa Unguja, kuli ma daladala, maminibasi akumeneko, omwe mumakwerera cha ku msika wa Darajani pa mtengo womwe aliyense akulipira, ndipo madzulo ku Forodhani m'mbali mwa nyanja anthu amayala matebulo kugulitsa mishkaki (nyama yootcha pa timitengo), madzi a nzimbe ndi urojo, kamsuzi kowawasira ka mbatata ndi bajiya komwe mukakadya simuiwala. Mtengo muzifunsa musanaloze chakudya. Inu wa ku Kariakoo kunenerera mumakudziwa kale.

Tsopano funso lanu lachiwirilo ndi lomwe landikhudza. Minda iliko. Kalekale chuma cha zilumbazi chinali karafuu, aja ma clove amaika mu pilau ndi mu tiyi, ndipo panali nthawi yomwe Zanzibar imatsogola dziko lonse pa mbewu imeneyi, mpaka pano ku Pemba amalimabe kwambiri. Koma mitengo itagwa ndipo maiko ena monga Indonesia atayamba kulima wambiri, boma linatembenukira kwa alendo. Lero ndalama zakunja zambiri zomwe Zanzibar imapeza zimachokera ku zokopa alendo. Mu 2023 alendo anapitirira 600,000, pamene anthu okhala pa zilumbazi pa kalembera wa 2022 anali pafupifupi 1.9 miliyoni, ndiye muone nokha kuchuluka kwake. Ambiri amachokera ku Ulaya, maiko ngati Italy, Germany, France ndi Poland.

Vuto ndi lakuti ndalamazo sizitsika kufika kwa aliyense. Mlendo wambiri amalipiratu zonse ali kwawo, ndege, chipinda, chakudya ndi zakumwa, akatera pa bwalo la ndege galimoto ya hotela imamutenga nkukamutsekera ku mpanda sabata yonse, ndipo hotela zikuluzikulu zambiri eni ake ndi akunja. Ine ndinaziona ndi maso ku Jambiani, kum'mawa kwa chilumba. Kumeneko nyanja imaphwa kawiri pa tsiku, madzi amathawa kutali mpaka kusiya mchenga woyera mbee, ndiye azimayi amalowa atamanga zitenje zawo, nkukhala pansi m'madzi ofika m'chiuno kumangirira mwani ku zingwe. Mwani ndi ndere za m'nyanja ya mchere zomwe amaumitsa nkugulitsa pa kilo, zimapita kunja kukapangira zinthu monga zodzola ndi zakudya. Dzuwa likuswa mtengo, manja atatuwa ndi mchere, kumbuyo kwawo pamtunda pali hotela yokhala ndi damu losambira lodzaza madzi abwino, pamene m'mudzi momwemo ana akuyenda ndi zigubu kusaka madzi akumwa. Zinandikhala pamtima masiku ambiri. Ndipo chuma chodalira alendo chimagwedezeka msanga, mu 2020 Covid itaimitsa ndege oyendetsa mataxi, operekeza alendo ndi asodzi ogulitsa nsomba m'mahotela anangoti kakasi.

Nchifukwa chake ndikuti mlendo ngati inu ndi wofunika kuposa mmene mukudziwerengera. Shilingi yanu ikalowa kwa mayi wophika urojo, kwa kondakitala wa daladala, kwa mwini gesiti hausi, imatsala pompo.

Malo amodzi musabwere musanafike, tchalitchi cha Anglican cha Christ Church ku Mkunazini mu Stone Town. Chinamangidwa pomwe panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Nkhani imeneyi ndi yathu mayi, chifukwa anthu ambiri omwe Jumbe wa ku Nkhotakota amawaolotsa nyanja nkuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa amathera pamenepo. Pafupi pake pali tizipinda tapansi tamdima, denga lake lotsika moti munthu wamkulu amachita kuwerama, ndipo panja pali ziboliboli za anthu asanu ataima m'dzenje unyolo uli m'khosi. Amishoni a Anglican a UMCA (Universities' Mission to Central Africa) omwe anamanga tchalitchichi ndi omwewo anamanga cha St Peter's ku Likoma.

Zina mwachidule. Anthu pafupifupi onse kumeneko ndi Asilamu, ndiye m'tauni ndi m'midzi valani zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa, chitenje chanu chikwanira, ndipo mwezi wa Ramadan musamadye poyera masana. Mvula yamphamvu imagwa Malichi mpaka Meyi, nthawi imeneyo zipinda zimatchipa koma nyanja simuisangalala kwenikweni. Ngati bambo akufuna kusambira nthawi iliyonse pitani kumpoto ku Kendwa komwe madzi sathawa kutali. Ndipo samalani ndi nthawi ya Chiswahili, akakuuzani kuti boti likunyamuka saa moja asubuhi ndiye kuti 7 koloko m'mawa.

FUNSO: Ndamaliza kosi ya za mahotela koma ntchito sikupezeka. Munthu wina pa Facebook akuti nditumize ndalama andipezere ntchito ku Zanzibar. Nditumize?
Mnyamata wa ku Mangochi

YANKHO: Achimwene musatumize ngakhale tambala. Ntchito m'mahotela a ku Zanzibar zilipo inde, koma akuzilimbirana ndi eni chilumba komanso achinyamata ambiri ochokera ku Tanzania kumtunda, mpaka Amasai amabwera kudzagwira zaulonda ndi kugulitsa mikanda m'mbali mwa nyanja, ndipo onsewa Chiswahili ndi chawo. Inu ngati mlendo kulowa popanda viza sikukupatsani ufulu wogwira ntchito, pamafunika chilolezo chomwe bwana wolemba ntchitoyo ndi amene amayendetsa mapepala ake. Dziwaninso kuti nthawi ya mvula hotela zina zimatseka kapena kupumitsa antchito, ndiye mutha kupezeka muli pa chilumba opanda malipiro, lendi ikukudikirani.

Ngati mtima uli pamenepo yambani pomwe muli. Ku Mangochi ndi ku Cape Maclear kuli malo ogona alendo, gwiraniko kaye ngakhale zaka ziwiri mukhale ndi kalata ya umboni, phunzirani Chiswahili, ndipo mukatha onjezerani Chitaliyana kapena Chijeremani chifukwa hotela za kumeneko zimafuna anthu otha kulankhula ndi alendo awo. Mukatero lemberani hotelayo mwachindunji pa imelo yomwe ili pa webusaiti yake, ndipo musanyamuke ulendo musanalandire kontilakiti yolembedwa.