Kudzuka thupi litauma, pachifuwa polemera

Achemwali, mwafunsa za kudzuka thupi litauma, pachifuwa polemera, mukuona chinthu chakuda pakhomo. Musaope, zimenezo sizipha ndipo si misala ayi. Madokotala amati sleep paralysis. Munthu akamalota, ubongo umamanga minofu kuti asachite zomwe akulotazo. Nthawi zina maganizo amadzuka minofu isanamasuke. N'chifukwa chake maso amakhala gwa, mawu osatuluka, ndipo chinthu chakuda chimene mumaona pakhomocho ndi loto lomwe silinathe. Zimatha pakangopita masekondi angapo kapena mphindi ziwiri.

Zikakugwirani musalimbane nazo. Pumani pang'onopang'ono, yesani kugwedeza chala chimodzi chakuphazi. Kugona chagada ndi kusowa tulo ndiye zimaziputa kwambiri, choncho gonani chammbali, maola 7 mpaka 9.

Koma zikamabwera sabata iliyonse, kapena tulo tikamakugwirani mwadzidzidzi masana mukucheza, pitani kuchipatala akakupimeni ngati si narcolepsy, matenda ogwidwa tulo mwadzidzidzi.