Kuphunzitsa gule wa Kuchipudi ku katauni kakumudzi, zingatheke?

Achemwali ena amene akuphunzira unamwino ku Vijayawada ku India andilembera imelo. Akuti mnzawo wa m'kalasi wakhala akuvina Kuchipudi kuyambira ali mwana, nde akufuna akamaliza sukulu akatsegule kalasi ya gule kwawo, katauni kakang'ono ka alimi a mpunga, koma abale ake akumugwetsa ulesi ati zimenezo ndi za ana a mabwana ku Hyderabad ndi Chennai. Akufunsa kuti kodi angozisiya?

Achemwali, muwauze anzanuwo ayambe basi. Abalewo aiwala kuti Kuchipudi ndi dzina la mudzi, uli m'boma la Krishna konko ku Andhra Pradesh, sikutali ndi komwe mukukhalako. Mu 1678 mfumu ya Golconda (ufumu wakale wa m'dera la Hyderabad), Abul Hasan Tana Shah, inapereka malo a mudziwo kwa mabanja a ovina, ndipo ovinawo anali amuna okhaokha, ngakhale gawo la mkazi ngati Satyabhama, mkazi wa mulungu wa Ahindu Krishna, ankavalira mwamuna, ankayenda mudzi ndi mudzi kuvina usiku pabwalo akuwunikira ndi miyuni. Kutauni guleyu anafika mochedwa, Vempati Chinna Satyam wobadwira m'mudzi momwemo anatsegula Kuchipudi Art Academy ku Madras (komwe pano amati Chennai) mu 1963. Nayo sukulu yotchuka ya gule wina wa ku India wotchedwa Kathakali, Kerala Kalamandalam, yomwe wandakatulo Vallathol anayambitsa mu 1930, ili ku Cheruthuruthy m'mbali mwa mtsinje, osati mumzinda waukulu ayi. Nde zoti Kuchipudi ndi gule wa m'tauni zimandipweteka kumva.

Zoyambira ndi zochepa kwambiri. Mphunzitsi amakhala pansi ndi kathabwa ndi kandodo, kumamenya uku akutchula "tai tai", ana ali chilili opanda nsapato, manja m'chiuno, mawondo opinda atayang'ana kumbali, kumapondaponda sitepe imodzimodziyo mpaka ntchafu kunjenjemera. Miyezi yoyamba ndi zimenezo basi, holo kapena magalasi sizofunika, khonde la kachisi kapena kalasi ya pasukulu ana akaweruka ikwana. Chomwe ndingawachenjeze ndi pansi. Gule ameneyu amamenya phazi mwamphamvu ndiye simenti yolimba imapha mawondo ndi zidendene, ngati palibe pansi pamatabwa azifupikitsa nthawi yopondayo makamaka kwa tiana ta zaka 6 kapena 7.

Koma vuto lenileni ndi ndalama ndi makolo. Kumudzi ndalama imabwera nthawi yokolola, nde fizi ya mwezi ndi mwezi ena azilephera, bola kugwirizana nawo poyamba pomwe kuti azilipira akagulitsa mpunga kusiyana ndi kumathamangitsa mwana pakhomo. Ndiye pali nkhani ya atsikana, akangokula makolo ambiri amawaletsa, ena amasiya akayandikira mayeso a Class 10 osabwereranso. Apa mphunzitsi sangangokhala m'kalasi ayi, ayenera kumayenda m'makomo kucheza ndi amayi awo, kuwaitana adzakhale pambali aone zomwe ana akuphunzira, poti zambiri ndi nkhani za mulungu Krishna zomwe iwo omwe amazidziwa kale.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi rangapravesam, kuvina koyamba kwa wophunzira payekha pagulu, ku gule wina wotchedwa Bharatanatyam amati arangetram. M'matauni zinasanduka ngati ukwati, kubwereka holo, kulipira oimba ndi woimba ng'oma ya mridangam, zovala za silika zingapo, ndolo ndi mikanda, wojambula, chakudya cha alendo, mphatso ya mphunzitsi. Mlimi akamva zimenezo mwana wake samutumiza nkomwe ngakhale tsiku loyamba. Anzanuwo auze makolo kuchokera pachiyambi kuti kwa iwo sizikhala choncho. Ana azivina pamodzi pachikondwerero cha pakachisi kapena pa Sankranti mu Januwale anthu atakolola, nyimbo pa foni ndi spika, zovala asoke telala wa konko zizibwerekanitsidwa, mabelu a m'miyendo aja kalasi igule angapo azisinthana.

Ndipo asathamangire tarangam, kuja kovina ataponda m'mphepete mwa mbale ya chitsulo ena atasenza kamtsuko ka madzi pamutu. Makolo adzaipempha msanga chifukwa ndi yomwe amaiona pa YouTube, koma mwana amene mapazi sanakhwime akagwa pamenepo mphekesera ifika tauni yonse tsiku lomwelo ndipo ena awachotsa ana awo. Adikire zaka zingapo, ayambe ndi amene akuoneka kuti sajomba.